Chimzere chapepo chija ndachipeza kochokera

Anzanga a makamera, chimzere chapepo chomwe chimandionongera zithunzi za long exposure (zojambula shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, ili yotsegula kwa masekondi angapo) chija chatha. Ndipo vuto silinali fyuluta, fyuluta yomwe ndinatsala pang'ono kuiponya m'madzi ndi ukali.

Mafunde ndimakajambula ku Senga Bay, poti ife a ku Lilongwe nyanja yapafupi ndi yomweyo, ukatsika ndi M14 n'kudutsa pa Salima basi wafika. Nyengo ya mwera, cha mu Juni mpaka Ogasiti, nyanja imawinduka zenizeni mafunde n'kumamenya miyala mpaka thovu. Ndimaika ISO 100, f/11, ndi fyuluta ya ND, galasi lakuda lochepetsa kuwala, ya 10 stops (stop iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka). Kamera ikawerenga 1/125 ya sekondi popanda fyuluta ndiye kuti ndi fyuluta ndi masekondi 8, ikawerenga 1/60 ndi cha m'ma 15.

Chomwe chimandizunguza mutu n'choti za m'mawa zimatuluka zoyera bwinobwino, koma za madzulo chimzere chija mbuu pakati penipeni pa chithunzi, kamera yomweyo, fyuluta yomweyo. Ndinasintha white balance, ndinapukuta sensa, ndinabwereka lens ya mnzanga, mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, ndinakoka maslaida mpaka maso kuwawa, olo kusintha. Kani ndi dzuwa. Ku Senga Bay ukayang'ana kunyanja wayang'ana kum'mawa, ndiye m'mawa dzuwa lili kutsogolo, madzulo lili kumsana kwako likuwomba pa viewfinder, kazenera kosuzumirapo pojambula, ndipo diso lako palibepo poti waima pambali ndi rimoti. Pa DSLR, kamera yokhala ndi kagalasi m'kati, kuwala kumeneko kumalowera kumbuyo n'kuzemba m'mbali mwa kagalasi kam'kati kaja mpaka pa sensa. Pa 1/500 simungakuone, koma kutsogolo mukatseka ndi galasi lakuda bii n'kutsegula shutter masekondi 20, kakuwala kolowa mozemba kaja ndi komwe kamalamula. Ndinamata tepi yakuda ya magetsi pa viewfinder, kwatha. Makamera ena amabwera ndi kachivindikiro kake pa lamba, onani anu. A mirrorless, makamera opanda kagalasi m'kati, izi sizikukukhudzani, musatiseke.

Tripod nayo ili ndi zake. Yanga ndi yakaunjika, yolemera, ndipo ndimaikonda choncho chifukwa zopepuka zija mwera umazigwedeza. Funde likamabwerera limakumba mchenga pansi pa miyendo kamera n'kumatitimira pang'onopang'ono, chilumba cha Namalenje n'kutuluka ngati chili pawiri. Panopa ndimakanikiza miyendo mpaka ilowe ndithu, ndidikire mafunde angapo adutse kaye. Fyuluta anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg, muno m'tauni ya saizi ya lens yanga ndinayendera mpaka kutopa.

Kunena zoona za masekondi 30 zija zayamba kunditopetsa, madzi amangosanduka nkhungu, mwera wonse uja osaonekanso, ngati unajambula tsiku la bata. Zomwe zandisangalatsa ulendo uno ndi za theka la sekondi mpaka masekondi 2, kudina pomwe funde layamba kubwerera, thovu limasiya mizere yoyera kuzungulira mwala uliwonse. Pamenepo 10 stops yachuluka, pakufunika ya 6, ndiye alamu ndiwavutitsanso.

Mafunde a kwathu kuno ndi afupiafupi, amabwera motsatizana osakupatsa mpata. Ndikulakalaka a nyanja yamchere, mwina ku Tofo ku Mozambique, ndikaone madzi akuphwera n'kudzadzanso, zomwe ku Salima kulibe. Ndalama ya ulendowo sindinaione, pasipoti nayo yatha ntchito, koma tiona chaka chamawa.