Banja la a Do

Abale inu, mwezi wathawu ndinachita manyazi oti sindidzaiwala. Kuno ku Lancashire, ku England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, Loweruka ndimakonda kukakhala ku laibulale, kunena zoona ndimatsatira hita chifukwa kunyumba kwathu tilipo anthu 7 ndipo magetsi timachita kuwerengerana. Ndiye kuli timagogo tachizungu timakumana kumeneko kufufuza mbiri ya midzi yawo, tinandikopa kuti bwera uzitilembera pa kompyuta maso ako akadali akuthwa. Tiyi ndi mabisiketi zaulere, ndikanakana bwanji?

Anandipatsa mapepala a kalembera wa 1851 a midzi yozungulira Ormskirk, dera la mbatatesi. Nthawi imeneyo njala ya ku Ireland ija, yomwe inayamba mu 1845 mbatatesi zitaola m'minda ndi matenda, inali itathamangitsira anthu ambirimbiri ku Liverpool, ena n'kumapitirira kumidzi kukasaka ganyu. Kanyumba kamodzi upeza bambo, mayi, ana, kenako mndandanda wa ogona molipira, onse obadwira ku Ireland, kaya ankagona bwanji kaya. Ndinati eee awatu ndi ife tomwe, kungoti ife tili ndi wifi.

Koma zolemba zake, zopendama ngati za adokotala. Nditazolowera ndinatulukira chinthu. Bambo ali ndi dzina la makolo bwinobwino, koma mayi palembedwa Do, ana onse Do, nyumba yotsatira Do, mudzi wina Do. Pamalo obadwira naponso, woyamba Ireland, otsatira Do Do Do mpaka pansi. Ndinati basi, ku Ireland kuli mudzi wa Do ndipo mtundu wonse unasamuka. Ndinaufunafuna pa Google Maps osaupeza, ndinangoti njala inafafaniza mudziwo, mpaka kachisoni kanandigwira. Pa ntchito pawo palembedwa Ag Lab, ine n'kulemba kuti ankagwira ku labu. Osadzifunsa n'komwe kuti labu yanji kumunda wa mbatatesi.

Masabata atatu ndikutaipa zimenezi.

Tsiku lokumana ndinavala jekete, n'kuimirira, ndikuti ndapeza mtundu waukulu kuposa a Phiri ndi a Banda kuwaphatikiza, komanso unali wa anthu ophunzira, asayansi okhaokha. Kunangoti zii. Kenako agogo ena aakazi anayamba kunjenjemera mapewa, anavula magalasi, misozi mbwembwembwe, ine ndimvekere mwina a Do ndi abale awo.

Atapuma anandigwira dzanja. "Mwana wanga, do ndi chidule cha ditto, kutanthauza chimodzimodzi ndi pamwambapa. Ag Lab ndi agricultural labourer." Waganyu wa kumunda! Anawonjezera kuti kalemberayo anachitika pa 30 March, choncho okolola aja omwe ankawoloka nyanja nyengo yotentha n'kumagona m'mashedi a mafamu sanawerengedwe n'komwe, apo ayi bwenzi a Do anga atachuluka kawiri. Madala wina anatsamwa ndi bisiketi.

Ndinakonza dzina limodzilimodzi, masabata ena awiri. Cholakwa changa chachiwiri chinali kukafotokoza kunyumba. Pano aliyense akungonditchula a Do, ndipo pa pepala la ndalama za magetsi lomwe timamata pa filiji, wina analemba dzina lake pamwamba, pansi pake Do ka 6. Mmodzi sanalipire, ndipo mpaka lero tikukanganabe kuti ndi Do uti.