Kodi ndilembe nyimbo pa fomu ya ku yunivesite?

Patha masabata atatu chilandirireni uthenga woti amene tinakhoza bwino mayeso a MSCE tiyambe kufunsira malo m'sukulu zaukachenjede za boma, koma mpaka lero sindinalembe kalikonse pa mzere woyamba, pamene pamalembedwa maphunziro amene munthu akuwafuna koposa onse. Chimene ndikufuna ndikuchidziwa bwino lomwe, ndi nyimbo, koma nthawi zonse ndikati ndilembe, nkhope za azing'ono anga atatu zimabwera m'maganizo mwanga.

Ndinayamba kuimba m'kwaya ya ku tchalitchi kwathu ndili ndi zaka 11. Mphunzitsi wa kwaya ankalemba d, r, m ndi choko pabolodi, ife nkumatsatira liwu ndi liwu, ndipo m'kupita kwa nthawi ndinaphunzira kuliza kiyibodi pongomvetsera. Komabe chimene chinandikoka mtima kwenikweni ndi bangwe ya agogo anga aamuna. Linali thabwa lopyapyala lokhala ndi waya wodutsitsidwa m'timabowo, lolowetsedwa m'chitini kuti mawu azikula, ndipo asanayambe kuimba ankasunthasuntha timitengo ta pansi pa wayayo mpaka khutu lawo litakhutira. Tsiku lina ndinayesa kufunafuna mawu a bangweyo pa kiyibodi, ndipo ndinadabwa kupeza kuti ena mwa iwo sankapezeka paliponse, ankagwera pakati pa mabatani awiri oyandikana. Poyamba ndinkaganiza kuti agogo analakwitsa, koma tsiku lililonse ankabwerera pa mawu omwewo osaphonya. Anamwalira popanda wina aliyense kujambula nyimbo zawo, ndipo mpaka lero zimenezi zimandiwawa.

Maphunziro otere alipo. Ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa nyimbo pamodzi ndi zisudzo ndi zaluso zina, ndipo ku MUST, m'boma la Thyolo, kuli digiri yofufuza nyimbo za mu Africa, imene ndi yomwe ikundikopa kwambiri.

Nditawauza bambo anga, sanakalipe ayi. Anangondiyang'ana nkufunsa modekha kuti, “Mwana wanga, kodi nyimbozo zidzakudyetsa?” Funso limeneli sindingalipeputse, chifukwa likuchokera kwa munthu amene anandilipirira sekondale zaka zinayi ndi ndalama za nandolo ndi mbuzi. Ngati ndingapeze ngongole ya boma yolipirira maphunziro, ndiyenera kudzaibweza ndikamaliza, ndipo azing'ono anga akuyembekezera kuti woyamba kubadwa adzawagwira dzanja. Oimba amene ndimawadziwa amadalira maukwati, zinkhoswe ndi maphwando a kumapeto kwa chaka, pamene nyimbo zawo zimangogawidwa pa mafoni mwaulere. Bungwe la COSOMA limatolera ndalama za umwini wa nyimbo, koma sindikufuna kudzinamiza kuti munthu wongoyamba kumene angamange nazo banja.

Palinso chikayiko china chimene chimandisowetsa tulo kuposa cha ndalama. Anthu amati luso loimba munthu amabadwa nalo, ndipo amatchula a Giddes Chalamanda, a Allan Namoko, komanso a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka, amene luso lawo silinachokere m'kalasi ya nyimbo. Izi nzoona. Koma nditaganizira mozama za banja la a Kachamba, ndinazindikira kuti zambiri zimene dziko likudziwa za kaimbidwe kawo zinasungika chifukwa Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria, anakumana nawo mu 1967, nkuyamba kujambula ndi kulemba mwatsatanetsatane zimene ankachita. Ntchito imeneyo imafuna munthu wophunzitsidwa kumva, kuyeza ndi kulemba mawu, ndipo ndikuona kuti mwana wa kuno, womva chinenero cha oimbawo ndi miyambi yawo popanda womasulira, angaigwire bwino kwambiri. Cholinga changa si kutchuka pa wailesi, koma kukhala munthu woteroyo, ndiponso kudzaphunzitsa ena.

Dzulo usiku ndinawauza bambo kuti ndikufuna kulemba nyimbo pa mzere woyamba ndi uphunzitsi pa mzere wachiwiri, ndipo ndinawalonjeza kuti ndikadzasankhidwa ndizidzaliza kiyibodi m'maukwati pa tchuthi kuti ndiziwathandiza fizi ya azing'ono anga. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati bangwe ya agogo ikadali kwa amalume kumudzi, ngakhale waya wake anachita dzimbiri. Sanavomere ndipo sanakane. Loweruka ndikupita kukaitenga, ndipo fomu ndidzaitumiza ndikabwerako.