Mitu ya nsomba za ku Roma

Apongozi anga ndi Akatolika enieni, ndipo chifikireni kwathu kuno ku Leeds, ku England, nyimbo yawo inali imodzi: asabwerere kumudzi asanapondeko ku Roma. Ine, mkamwini wofuna kutchuka, ndinati zimenezo andisiyire. Za mavisa tisakambe, ndingalire.

Ndinagula kope. Kwa miyezi iwiri, ndikaweruka kuntchito ndinkakhala pa intaneti mpaka pakati pa usiku kulemba ndondomeko ya masiku atatu. Papa amaonekera kwa anthu Lachitatu m'mawa, choncho ndege ndinagula ya Lachiwiri. Mu tchalitchi cha St Peter salowetsa wovala kabudula kapena woonetsa mapewa, ndinalemba. Kukwera pamwamba pa denga lake ndi masitepe 551, koma ukalipira chikepe amatsala 320, ndinalemba. Ngakhale sitima ya Leonardo Express yochoka pabwalo la ndege la Fiumicino kukafika pa siteshoni ya Termini mumzinda wa Roma ndinailembera mphindi zake 32. Chakudya cha anthu atatu masiku onsewo ndinaika ma euro 180, n'kujambula mzere wofiira pansi pake. Mkazi wanga ankangoti, "Bambo, kopelo muzigona nalo kumene."

Tinafika bwinobwino, sitima inasungadi mphindi zake, ine n'kumayenda ngati mwini mzinda. Madzulo tinapita kudera la Trastevere kukadya. Anthu a kumeneko satsegula malo odyera mpaka cha m'ma hafu seveni, ndiye pomakhala pansi n'kuti njala itatipota kale.

Pamndandanda wa zakudya maso anga anagwera pa nsomba yotchedwa spigola, ma euro 8. Pambali pake panali kamawu kakang'ono: all'etto. Ndinaganiza kuti ndi kaphikidwe, mwina yootcha pamakala. Mnyamata woperekera zakudya anabwera ndi thireyi ya nsomba zaziwisi zili pa ayezi kuti tisankhe. Ine ndinaloza zitatu zonenepa kuposa zonse, ngati ndili pagombe ku Senga Bay ngalawa zitangokocheza. Mnyamatayo anakweza zala zitatu, n'kundiyang'ana. Ndinagwedeza mutu. Anakwezanso zalazo kachiwiri. Ndinagwedezanso, mumtima n'kumati kodi ameneyu akutiona ngati osauka?

"Bambo, sitingagawane imodzi?" anafunsa apongozi, maso ali pansi.

"Amayi, kuno nsomba n'zotchipa kuposa chambo cha mu Lilongwe. Idyani momasuka."

Zitapsa, mnyamata uja anabwera nazo pakatebulo kena. Ndi supuni ndi foloko anasenda khungu, anasolola minga yonse bwinobwino, anatiikira mnofu wokhawokha m'mbale. Kenako anatenga mitu itatu ija n'kulowa nayo kukhitchini. Apongozi anaitsatira ndi maso mpaka chitseko chitatsekeka.

"Mitu akupita nayo kuti mwanayu?" ananong'oneza mwana wawo.

"Kuno sadya mitu, amayi."

"Nanga pansomba amadyapo chiyani?"

Kunena zoona, nsombayo inali yokoma. Ndinaseteka mpaka zala. Bilu itabwera ndinaitsegula ndikumwetulira, kenako ndinavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Ma euro 207. Ndinaitana mnyamata uja kuti watipatsa bilu ya eni ake. Iye modekha analoza kamawu kaja. Ndinakafufuza pafoni manja akunjenjemera: etto ndi magalamu 100. Ma euro 8 aja anali a magalamu 100 aliwonse, ndipo nsomba zanga zonenepa zija zinalemera makilogalamu 2.4. Ma euro 192 a nsomba zokha, 9 a chimene amati coperto, yomwe ndi ndalama yongokhalira patebulo, ndi 6 a madzi. Mzere wofiira uja tinaudumpha usiku woyamba womwe.

Mkazi wanga anabisa nkhope m'kansalu kopukutira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ine thukuta kamukamu. Apongozi okha ndi amene sanatekeseke. Anafunsa kuti awafotokozere bwino, ndipo atamva anakhala chete pang'ono.

"Poyeza pasikelopo, mitu inali pomwepo?"

Ndinati eya, amayi.

"Ndiye ndi yathu. Muuzeni abweretse."

Munthu wamkulu ine, wa kope langa, ndinaimirira pakati pa azungu n'kumadziloza mutu kwinaku dzanja lina likusambira ngati nsomba. Mnyamatayo anapita kukhitchini, kunamveka kuseka, n'kubwera ndi kabokosi. Munali mitu iwiri. Wachitatu akuti anali atataya kale. Apongozi anafuna kuti achotsere pabilu, mwana wawo anachita kuwakoka dzanja.

Masiku otsalawo tinkamwa madzi aulere a pamipopi ya m'misewu imene amati nasoni, n'kumadya pizza yodula zidutswa. Nayonso, abale, amayeza pasikelo. Ndinkachita kuimirira pafupi kuyang'anitsitsa manambala.

Koma m'mawa wa Lachitatu lija, tisanapite kukaona Papa, tinafisula mitu ija ndi buledi m'chipinda cha kuhotela. Apongozi anatenga wawo wathunthu, ife awiri tinagawana winawo. Anaupsopsona fupa lililonse mosafulumira, kenako anakolowola diso ndi chala, n'kulikweza m'mwamba.

"Bambo, limeneli lokha ndi ma euro angati? Lembani m'kope muja."