Utuchi wonyowa ndi anapiye 300

Lachisanu m'mawa, ndisanavule n'komwe jekete, mnyamata wosamala nkhuku anandiitana. "Amisiri, tabwerani mudzaone." Ndinaganiza kuti chitseko cha khola chagwanso, chifukwa pa famu pano chilichonse chokhala ndi msomali chikavuta amaitana ine. Nditalowa m'chipinda cha anapiye ndinapeza 41 atawandandalika pa saka. Ena ambiri anali atatukula makosi, kukamwa kuli yasa, akufunafuna mpweya. Chinandiopsa kwambiri n'chakuti munali zii. Nkhuku ya chimfine imamveka kulira kukhosi ikamapuma, koma awa ankabanika mwakachetechete.

Ine ntchito yanga ndi ya matabwa. Ndakhala pa benchi zaka 19, ndipo 6 zomalizazi ndili pa famu ino, pomwe timacheka mitengo yathuyathu, bulugama ndi paini zomwe zili kuseri kwa makola. Makola, zisa zoikiramo mazira, mitanda yogonapo nkhuku, zonsezo zimadutsa m'manja mwanga, ndipo utuchi wa pulena umapita kukayalidwa pansi m'makolamo. Choncho nditangoona anapiyewo, ndinadziwa kumene imfa yawo inachokera.

Nkhaniyi inayamba masabata atatu m'mbuyomo. Abwana anaitanitsa anapiye 300 a tsiku limodzi chipinda chowalereramo chisanathe, ndipo matabwa ouma anali atatha. Anati ticheke bulugama tigwiritse ntchito pompo. Amisiri anzanga mukudziwa kuti bulugama wongodulidwa kumene ali ndi madzi otani, pafupifupi theka la kulemera kwake. Thabwa la mamilimita 25 la mtengo wolimba limafuna mpaka chaka lili pa mulu, pamthunzi, lolekanitsidwa ndi timitengo, kumapeto kwake kutapakidwa penti kuti lisang'aluke. Ndinanena zimenezi. Anandiyankha kuti, "Amisiri, ndi khola la nkhuku ili, si kabati ya pabalaza." Ndinapala matabwa aawisiwo, pulena ikuchita kutsamwa, ndipo utuchi wake tinaulongedza m'masaka n'kuika m'shedi.

Shediyo imadontha. Malata awiri a pakona anadzimbirira n'kubooka chaka chatha. Ndalemba kanayi m'buku la zofunika kugula: malata awiri kapena lona, ndiponso kachipangizo koyezera chinyezi cha matabwa. Ulendo uliwonse yankho limakhala lakuti tiona mwezi wamawa. Mvula inagwa masiku angapo, ndipo masaka aja, omwe anali onyowa kale ndi madzi a mtengo, anamwanso madzi a padenga.

Lolemba, tsiku lofika anapiye, utuchi wouma wa paini unangokwana kachigawo kochepa ka chipindacho. Pamafunika kuyala masentimita 5 mpaka 10 paliponse. Abwana analoza masaka a m'shedi. Ndinamasula limodzi n'kupisamo dzanja. M'katimo munali motentha ngati mu mulu wa manyowa, fungo la chuku linandiwomba, ndipo utuchiwo unali utagwirana mabuma otuwa mobiriwira. Ndinati, "Bwana, uwu ayi. Tipite tikafune wouma kwina, kapena tiyale mapepala kwa masiku atatu." Anayang'ana wotchi. Galimoto ya anapiye inali m'njira. Anati pansi pa mababu otenthetsera anapiye utuchiwo uuma wokha.

Apa ndiye pamene pakundisowetsa tulo. Wilibala ndinakankha ndine. Ndinaphwanya mabumawo ndi fosholo kuti asaoneke, mnyamata n'kuyala. Ndinadziuza kuti ndanena, mwini wake wakana, za nkhuku si zanga. Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, mazenera atatsekedwa kuti mphepo isalowe. Ndiye tangoganizani: chinyezi, kutentha, mpweya wosayenda, ndi tizamoyo 300 tomwe mphuno zake zili chala chimodzi kuchokera pansi, tikupalasa utuchi tsiku lonse.

Masiku apakatiwo panalibe zachilendo. Lachiwiri sowo inagunda msomali womwe wina anakhoma mu mtengo kalekale pomanga waya, mano atatu n'kuthyoka. Banga lakuda lomwe chitsulo chimasiya mu bulugama linalipo kumapeto kwa chipikacho, koma ndinaliona mochedwa. Mitengo ya pakhomo ndi choncho, mumapezamo za agogo. Lachitatu ndinakhoma zisa 12 za masentimita 30 mbali zonse, zokwanira nkhuku 60 zoikira, ndipo zinatuluka bwino, sindinama. Podutsa pa chipinda chatsopano ndinaona kuti chitseko chomwe ndinapachika masabata atatu apitawo chayamba kale kupotoka, pakati pa matabwa pakulowa kuwala. Thabwa likamauma limafota kwambiri m'lifupi, ndipo awa anali asanafike pena paliponse. Lachinayi kunafa anapiye 6. Abwana anati ndi ofooka ochokera koswetsa mazira.

Tibwerere ku Lachisanu lija. Abwana atafika sanayang'ane pansi n'komwe. Anati ndi chitopa, n'kutembenukira mnyamata. "Iwe, katemera uja unapereka? Kapena unalowa muno ndi nsapato za kukhola la zikuluzikulu?" Mwanayo ali ndi zaka 20, amagona pa kabenchi panja pa chipindacho kuti azidzuka usiku kuona mababu. Anangoti, "Ndinatsatira zonse, bwana," maso ali pansi. Anamutuma kukagula mankhwala a ufa othira m'madzi, aja opha mabakiteriya. Ine ndinapempha kuti tiitane adokotala a ziweto tisanathire chilichonse, ndipo chimenechi chokha anavomera.

Adokotalawo ndi mayi wosachulutsa mawu. Anang'amba anapiye atatu pa thabwa langa lopalira. M'mapapo ndi m'timatumba ta mpweya munali timibulu tachikasu motuwa, tolimba, tating'ono ngati mutu wa pini. Kenako anagwada, kufukula utuchi ndi dzanja, kununkhiza. Anati matendawa amatchedwa aspergillosis, ndipo amabwera mwanapiye akapuma njere za nkhungu yotchedwa Aspergillus, yomwe imakonda zinyalala zonyowa ndi zofunda. Sapatsirana kuchoka ku nkhuku ina kupita ku inzake ngati chitopa. Katemera wa chitopa sakhudzana nawo, ndipo mankhwala a ufa aja sangachite kanthu chifukwa nkhungu si bakiteriya. Amene agwidwa kale kwambiri afa basi, ena apulumuka koma akula monyentchera. Chomwe chingathandize ndi kuchotsa anapiye pa utuchiwo nthawi yomweyo. Anafunsa kuti utuchiwu unachokera kuti.

Palibe anayankha. Abwana ankayang'ana foni. Ndinati, "Unachokera kwa ine, adokotala. Ndi wa bulugama wamuwisi, unanyowa m'shedi. Tinauona Lolemba kuti wachita chuku." Ndinanena kuti "tinauona" dala, ndipo abwana anamva.

Tsiku lonselo benchi sindinaikhudze. Tinasamutsira anapiye m'makatoni, kutulutsa utuchi wonse titamanga nsalu kukamwa ndi mphuno, chifukwa adokotala anati fumbi lakelo si labwinonso kwa munthu. Tinakolopa, kupopera mankhwala, kutsegula mazenera. Ndinatenga matabwa anga a paini ouma bwino, omwe ndinasungira tebulo la mu ofesi, n'kuwapala dala mpaka kuonda kuti ndipeze utuchi woyera. Pa zaka zonsezi sindinawonongepo thabwa labwino chonchi, koma sindinamve chisoni. Nditachotsa utuchi wakale ndinapezanso kuti matabwa a m'munsi mwa khoma achita nkhungu yakuda m'kati. Mtengo ukakhala ndi chinyezi choposa 20 peresenti nkhungu imamera, ndipo kachipangizo kaja, kokwana m'thumba la ovololo, kakanatiuza zimenezi m'masekondi asanu. Matabwa amenewo ndinawazula onse.

Pofika Loweruka madzulo akufa anakwana 97. Ena akadali kuyasama pakona, ndipo mnyamata amadziwa kale kuti m'mawa akawatola.

Chomwe chandilembetsa zonsezi chinachitika Loweruka lomwelo, nthawi yoweruka. Abwana anauza mnyamatayo kuti amudula malipiro a mwezi uno chifukwa "sananene msanga". Sananene msanga chiyani? Lachinayi ananena, ndipo anauzidwa kuti ndi ofooka. Lolemba ndinanena ine, ndili ndi buma la chuku m'manja. Chaka chatha ndinalemba za malata. Ndinalowa mu ofesi ndi buku lija, kutsegula masamba anayi onse, n'kunena kuti, "Bwana, ngati pali wodulidwa, yambani ndi ine amene ndinakankha wilibala. Mwanayu musamukhudze." Anati tikambirana Lolemba. Za malata sanatchule.

Ndisanapite kunyumba ndinapanga mulu watsopano wa bulugama wotsala uja. Ndinaukweza pa njerwa, timitengo masentimita 50 aliwonse, mitu yonse kupaka penti yotsala, pamwamba kuphimba ndi zidutswa za malata akale zomwe ndinatola kuseri kwa khola n'kutsindika ndi miyala. Pa thabwa lililonse ndinalemba ndi choko tsiku lomwe linachekedwa. Mnyamata anandithandiza kunyamula osalankhula, kenako anafunsa kuti, "Amisiri, kodi akanakhala mapepala aja sakanafa?" Ndinamuuza kuti sakanafa.

Usiku uno abwana anditumizira uthenga pa WhatsApp. Aitanitsa anapiye ena 300, afika pakatha masabata awiri, ndipo akufunsa ngati utuchi ulipo wokwanira. Ndawatumizira chithunzi cha denga la shedi. Uthengawo ukuonetsa kuti awerenga.