Ndalama ya ulendo wa mtolankhani: musanapemphe, dziwani komwe mukupita

Mtolankhani wa ku Kasungu akafuna kulemba za vuto la madzi m'tauni, nkhani ali nayo pakhomo: mipopi youma chilimwe chikafika, amayi pamzere ndi zigubu kusanache. Koma mabungwe omwe amalipira ulendo wa atolankhani ofufuza mayankho safuna madandaulo okha. Amafuna mupite komwe anthu ayesa njira ina yothetsera vutolo, mukaone ndi maso anu.

Bungwe la Solutions Journalism Network, lomwe linayamba mu 2013, limati nkhani yotere ikhale ndi zinthu zinayi: njira yomwe ikuyesedwa, umboni wa zomwe yabala, phunziro lomwe ena angatengepo, ndi pomwe ikulephera. Chachinayichi ambiri amachisiya, nkhani n'kusanduka yotamanda bungwe. Pempho lotero silipita patali.

Tengani chitsanzo cha Lilongwe, komwe ma kiosk a madzi m'makomboni amayendetsedwa ndi magulu a anthu ogwiritsa ntchito madziwo, otchedwa ma Water Users Association. Mu pempho lanu lembani mafunso enieni: ndowa ya malita 20 ndi ndalama zingati, kiosk imatsegulidwa maola ati, madzi akasiya anthu amatunga kuti, ndalama zotolera amasunga ndani. Mukabwerako, mukafunse a Central Region Water Board, bungwe lopereka madzi m'chigawo chapakati, ndi khonsolo ya Kasungu ngati njirayo ingatheke kuno.

Pa bajeti ndi pomwe anthu amagwa. Kuchoka ku Kasungu kufika ku Lilongwe ndi pafupifupi makilomita 130 mumsewu wa M1, koma minibasi ndi gawo laling'ono chabe. Lembani chilichonse pachokha: kupita ndi kubwera, kabaza wa m'makomboni, malo ogona usiku uliwonse, chakudya, mayunitsi ndi bandulo. Ikaninso ulendo wachiwiri, chifukwa mkulu amene mukumufunayo kawirikawiri mumapeza ali ku msonkhano. Mitengo ikhale ya sabata yomwe mukulembayo, m'makwacha, kenako muisinthe m'madola pa mtengo wa ku banki, tsiku lake mulilembe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Bajeti yopanda tsiku imakusiyani panjira. Mafuta akasowa, minibasi zimakweza mtengo pomwepo, choncho funsani bungwe lopereka ndalamalo ngati limalola kuwonjezera kandalama ka zadzidzidzi.

Malisiti musawapeputse. Wakabaza alibe lisiti. Yendani ndi kope: tsiku, pokwerera, potsikira, ndalama, iye asayine. Pomwe zingatheke lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, uthengawo musunge.

Mabungwe othandiza atolankhani ndi ndalama, ngati Pulitzer Center, amafunanso kudziwa komwe nkhaniyo idzatuluke, ndiye pezani kalata ya mkonzi wanu msanga. Funsaninso ngati ndalama imabwera yonse kapena m'magawo, chifukwa gawo lomaliza likamadikira kuti nkhani ituluke, zina mudzayamba mwalipira nokha.

Ziwerengero zipempheni polemba kalata musananyamuke. Lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopempha uthenga ku maofesi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndiye kalata ipite mwezi umodzi ulendo usanafike. Ndipo bungwe lomwe mukulifufuzalo likati likunyamulani pa galimoto yake, kanani mwaulemu. Adzakufikitsani pa kiosk yomwe ikutuluka madzi, pomwe inu mukufunikanso kuona ija yotseka kuseri kwa msika.