Lipoti la ulendo wa ku Egypt: zimene tinapeza kwa Akhristu oyambirira pa nkhani yotanthauzira Malemba

Komiti imene inatituma yandipempha kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Egypt, ndipo ndavomera ngakhale kuti pagululo panali abusa ophunzira kwambiri kuposa ine, amene ndine mkulu wampingo chabe wophunzitsa kalasi la ubatizo. Tinalipo anthu 14 ochokera m'mipingo yosiyanasiyana, ena abusa, ena alaliki, ena amayi otsogolera magulu a amayi. Tinanyamuka ku Lilongwe, n'kudzera ku Addis Ababa, ndipo tinatera ku Cairo usiku. Cholinga chathu chinali kukaona malo amene Akhristu a zaka mazana oyambirira ankawerengerako Malemba, ndi kudzifunsa ngati matanthauzo awo angatithandize ife amene timalalikira lero. Ndinene poyera kuti ine ndinapita ndili wokayika, chifukwa ndinakulira mumpingo umene umaphunzitsa kuti Baibulo limadzitanthauzira lokha, moti ndinkaona ngati kufunsa anthu amene anafa kalekale n'kutaya nthawi.

Tsiku loyamba tinakaona nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Coptic Museum, imene inayamba m'chaka cha 1908. Zinthu zilimo zambiri, koma chimene chinatiimitsa tonse ndi buku la Masalimo la m'Chikoputiki, chinenero chakale cha Akhristu a ku Egypt, limene linapezeka m'chaka cha 1984 m'manda a mtsikana wamng'ono, litaikidwa kumutu kwake ngati pilo. Mayi wina wa m'gulu lathu anayang'ana bukulo kwa nthawi yaitali, kenako anati agogo ake nawonso anaikidwa m'manda ndi Buku Lopatulika lawo long'ambikang'ambika. Apa m'pamene ndinayamba kuwaona anthu akalewo ngati abale a mumpingo.

Ku Alexandria, mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Cairo, ndinakhumudwa pang'ono, chifukwa sukulu yotchuka imene ankaphunzitsako Clement ndi Origen, aphunzitsi akale a Chikhristu, ilibe khoma ngakhale limodzi limene munthu angaloze, poti mzinda wa lero unamangidwa pamwamba pa wakalewo. Mphunzitsi amene anatilandira anatikumbutsa kuti mumzinda womwewu Chipangano Chakale chinayamba kumasuliridwa kuchoka m'Chiheberi kupita m'Chigiriki zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndiponso kuti Athanasius, bishopu wa mzindawu, m'kalata yake ya Pasaka ya m'chaka cha 367 anatchula mabuku 27 a Chipangano Chatsopano omwewa amene ali m'Baibulo lathu. Mfundo imeneyi inandigwira pakhosi, chifukwa ndinazindikira kuti ndakhala ndikudalira nzeru za anthu amenewa posankha mabuku amene ndimawerenga, koma n'kumakana kumva mmene iwo ankawawerengera.

Kenako mphunzitsiyo anatiuza kuti titsegule Marko 10, nkhani ya munthu wachuma amene Yesu anamuuza kuti akagulitse zonse ali nazo napatse aumphawi. Anatifotokozera kuti Clement, amene anamwalira cha m'ma 215, ankaphunzitsa mumzinda wa amalonda olemera, ndipo ena mwa iwo atamva ndimeyi ankataya mtima poganiza kuti khomo la kumwamba lawatsekera. Clement anawayankha kuti kusauka pakokha si chiyero, popeza opemphapempha ambiri sadziwa Mulungu, ndipo anzeru ena achigiriki anataya chuma chawo Khristu asanabwere koma sanapeze nacho moyo. Anafunsanso kuti ngati aliyense angataye zonse, ndani adzadyetse anjala ndi kuveka amaliseche monga Ambuye analamulira? Kwa iye, chimene Yesu analamula kuti chigulitsidwe ndi umbombo ndi nkhawa zimene chuma chimabzala mumtima, pamene chumacho ndi chida chimene chiyenera kutumikira mnansi. Ena mwa ife anasangalala nalo tanthauzo limeneli mofulumira kwambiri, ndipo ndikuvomera kuti inenso ndinapumira m'mwamba, pokumbukira kagolosale kanga ndi mbuzi zanga.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Titadutsa ku Wadi El Natrun, kumene kudakali nyumba zinayi zimene zinayamba m'zaka za m'ma 300 za amonke, anthu odzipatula kuti akhale moyo wa mapemphero, tinalowera chakum'mawa, kuchipululu cha kufupi ndi Nyanja Yofiira, kunyumba ya amonke ya Antony Woyera. Mmonke wachikulire amene anatiyendetsa, yemwe tinkamuitana kuti Abuna monga amachitira eni ake, anatifotokozera mbiri imene Athanasius analemba. Antony anali mnyamata wa zaka pafupifupi 20 pamene makolo ake anamwalira n'kumusiyira minda yaikulu ndi mlongo wake wamng'ono. Tsiku lina atalowa m'tchalitchi anamva akuwerenga nkhani yomweyi ya munthu wachuma, monga ilili pa Mateyu 19:21, ndipo anaitenga ngati yanenedwa kwa iye yekha. Anagawira anthu a m'mudzi mwake mindayo, nagulitsa katundu n'kupatsa osauka, kungosungako pang'ono chifukwa cha mlongo wake. Atamvanso mawu akuti musadere nkhawa za mawa, anapereka ndi zotsalazo, nasiya mlongo wakeyo m'manja mwa anamwali odzipereka kwa Mulungu, iye n'kulowera kuchipululu, kumene anamwalira m'chaka cha 356 ali ndi zaka zoposa 100.

Tinakwera masitepe oposa 1,000 kupita kuphanga lake, ena mwa ife akupumira panjira kangapo, ndipo phangalo ndi lopanikiza moti munthu amalowa chammbali. Ndili m'menemo ndinaganiza kuti Clement ndi Antony anali a dziko limodzi ndi chikhulupiriro chimodzi, anawerenga nkhani imodzi, koma wina anatsala mumzinda kuphunzitsa olemera kugwiritsa ntchito chuma chawo, pamene mnzake anasiya zonse.

M'basi pobwerera munabuka mtsutso umene unatenga pafupifupi ulendo wonse. Mlaliki wina wachinyamata anati, "Abusa, ngati akuluakuluwa sanagwirizane pa ndime imodzi yokha, tipindulanji powafunsa? Si bwino kungowerenga tokha n'kudalira Mzimu?" Abusa amene ankatitsogolera anamuyankha modekha kuti, "Mwana wanga, ukapita ndi mlandu kubwalo, nkhoswe ndi nduna sizinena chimodzimodzi, koma umachokako utaona mbali za mlanduwo zimene sukanaziona uli wekha." Mayi uja wa Buku Lopatulika la agogo ake anawonjezera mfundo imene ine ndikuiona kuti inali yolemera kuposa zonse zimene zinanenedwa paulendowu. Iye anati ngakhale Clement ndi Antony anasiyana, palibe mwa iwo amene anawerenga ndimeyo n'kupezamo lonjezo lakuti ukapereka kwa mlaliki udzalemera, pamene kwathu ulaliki wa kufesa mbewu wafala moti nkhani ya munthu wachumayi imangodumphidwa, kapena amangotolamo vesi lonena za kulandira makumi khumi. Onse awiri anaona kuti chuma ndi choopsa kwa mwini wake ndi kuti wosauka ali nacho mbali, anangosiyana pa njira yothawira ngoziyo.

Apa m'pamene maganizo anga anasinthira. Munthu aliyense amawerenga Baibulo ndi maso a nthawi yake, ndipo zimene nthawi yake imakonda sazionanso ngati zachilendo. Anthu akalewo anali ndi khungu lawo la m'maso, koma silinali khungu lofanana ndi lathu, n'chifukwa chake amatha kutilozera zimene ife timaziponda osaziona. Komanso ambiri a iwo ankawerenga Chipangano Chatsopano m'Chigiriki chimene ankayankhula tsiku ndi tsiku, ndipo ankakhala m'dziko la akapolo, asilikali achiroma ndi okhometsa msonkho lofanana ndi limene Uthenga Wabwino umalongosola.

Sindikunena kuti zonse zimene analemba n'zoyenera kuzimeza. Origen anali wakhama modabwitsa, moti anandandalika Chipangano Chakale m'mizere isanu ndi umodzi, Chiheberi pamodzi ndi mamasuliridwe a Chigiriki, kuti afananitse mawu ndi mawu. Koma tinamvanso tanthauzo la fanizo la Msamariya wachifundo limene iye anati analandira kwa mkulu wina, lakuti munthu wovulazidwa ndi Adamu, Yerusalemu ndi paradaiso, wansembe ndi chilamulo, Mlevi ndi aneneri, Msamariya ndi Khristu, ndipo nyumba ya alendo ndi mpingo. N'lokoma kumva, ndipo limaonetsa Khristu pakati pa nkhaniyo, koma ine ndikuopa kuti mlaliki akalikonda kwambiri angaiwale kuti fanizolo likutha ndi lamulo lakuti pita ukachite chimodzimodzi, ndipo munthu wovulala pamsewu angagone mpaka kucha ife tikutanthauzira bulu. Ziphunzitso zina za Origen mpingo unadzazikana m'zaka za m'ma 500, ndipo alaliki ena otchuka a zaka mazana oyambirirawo ananena mawu achipongwe kwa Ayuda amene Mkhristu wa lero sayenera kuwabwereza. Muyeso umene unatithandiza ndi wa Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi Annaba m'dziko la Algeria, amene anaphunzitsa kuti munthu akaganiza kuti wamva Malemba, koma kamvedwe kakeko sikakumanga chikondi cha pa Mulungu ndi pa mnansi, ndiye kuti sanamvebe.

Usiku womaliza ku Cairo tinakhala pansi kukambirana zoti tikauze komiti. Vuto lalikulu ndi lakuti zolemba za anthu amenewa ife timazipeza m'Chingerezi, ndiponso m'mabuku odula amene mlaliki wa kumudzi sangawafikire, ngakhale kuti zambiri zilipo zaulere pa intaneti kwa amene ali ndi foni ndi bandulo. Tinagwirizana kuti abusa awiri a m'gulu lathu ayambe kulemba m'Chichewa, mwachidule, mmene akalewo ankatanthauzira ndime zimene timalalikira kawirikawiri, kuyambira ndi Marko 10, ndipo aziika matanthauzo osiyanawo moyandikana popanda kubisa kuti anasiyana. Mlaliki wachinyamata uja anapempha kuti akhale nawo pantchitoyo, ati pofuna kuonetsetsa kuti zimene zilembedwe zisalowe m'malo mwa Baibulo lenilenilo, ndipo tinamulola. Ine ndinapatsidwa ntchito yokayesa phunziro loyambalo pa kalasi langa la ubatizo, m'mene muli anyamata ogulitsa kaunjika atatu ndi mayi mmodzi wamasiye amene abale a malemu mwamuna wake anamulanda munda, ndipo zimene adzanene ndidzazilemba m'lipoti lotsatira.