Ampulifaya ya mavalavu yafika pa Dedza, koma thukuta ndakhetsa

Mtima wangokhala pansi dzulo madzulo, mavalavu, timababu tagalasi tokuza mawu mu ampulifaya, atafiira ngati makala a pambaula, mawu a kwaya n'kudzaza pabalaza. Kuyambira ndili mwana ndinkasirira wailesi ya malemu agogo, yomwe inkayamba yatentha kaye isanayankhule, ndiye ndinkafuna nane ndidzamve kamvekedwe kameneko m'nyumba mwanga. Zatheka, koma panjira ndataya ndalama zoti zikanagula matumba angapo a kachewere.

Ndiyambe ndi pomwe ndinapusa chaka chatha. Ndinagula pa intaneti kabokosi kokwana m'manja, kali ndi timavalavu tiwiri pamwamba, atalemba kuti kamatulutsa mawati 100. Kutchipa kwake ndinachita kuseka. Katafika ndinapita nako kwa madala ena okonza mawailesi kumsika kuno kuboma. Anangokanyamula ndi zala ziwiri, amvekere, "Mwana wanga, aka n'kopepuka ngati bokosi la machesi. Thiransifoma ili pati?" Atakatsegula anandionetsa kuti mphamvu yonse ikuchokera pa kachipu ka class D, kokuza mawu popanda mavalavu, timavalavu ta 6J1 tija tikungodutsitsa mawu koyambirira, ndipo kuwala komwe ndinkanyadira kunali kababu ka LED kobisidwa pansi. Kamayimba ndithu, sindikana, koma si zomwe ndinkafuna. Ampulifaya ya mavalavu yeniyeni imakhala ndi mathiransifoma, imodzi ya magetsi, ziwiri zopita ku masipika, ndipo zonsezo ndi chitsulo ndi waya wa kopa. Imalemera. Musanaone mtengo, onani kulemera.

Madala aja ndi amenenso anandiuza kuti ndiyambe ndaona masipika anga. Kumbuyo kwake kapena m'kabuku kake amalemba ma ohm, muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi, ndi ma dB, muyeso wa kufuula kwake. Anga ndi akale, a 8 ohm, 91 dB, ndipo sipika yotere imafuula ndi mawati ochepa. Mukatsika ndi ma dB atatu, mukufunika mphamvu yowirikiza kawiri kuti phokoso likhale lomwelo. Ndiye ngati anu ali cha m'ma 85, kaampulifaya ka mawati 5 kadzakukhumudwitsani, funani ya push-pull, yomwe mavalavu amagwira awiriawiri mbali iliyonse. Mavalavu a EL84 awiri amapereka mawati 10 mpaka 15, ma EL34 awiri amafika cha m'ma 30. Ine ndinasankha ya ku China ya single-ended, EL34 imodzi mbali iliyonse, mawati 6 okha. Musaseke. Pabalaza langa sindinafikitsepo voliyumu pakati.

Za mavalavu a 300B zija anthu amazitamanda pa YouTube, zisiyeni kaye. Valavu yake imodzi ikhoza kudula kuposa bajeti yonse ya munthu woyamba.

Tsopano nkhani yomwe yandiwawa. Katundu ndinadutsitsa kwa ejenti wina wa ku Lilongwe wobweretsa zinthu pandege. Anandiuza mtengo pa kilogalamu, ine n'kuchulukitsa ndi makilogalamu 12 omwe wogulitsa analemba, n'kusunga ndalamayo. Lachiwiri usiku uthenga unabwera pa WhatsApp kuti katoni yafika. Ndinapempha tchuthi kuntchito, Lachitatu 6 koloko m'mawa ndili kale mu minibasi, chifunga chili tolo. Tinaima pa Linthipe kudikira anthu, pa Chimbiya kukweza matumba, pa Nathenje dalaivala n'kukumbukira kuti alibe mafuta. Ndinafika cha m'ma 9. Mtsikana wa pakauntala anati, "Khalani pabenchi bambo, amakiyi atuluka pang'ono." Pang'ono pakepo panafika 2 koloko masana.

Atabwera, sanaiike n'komwe pasikelo. Anatenga tepi n'kuyamba kuyeza katoni, m'litali, m'lifupi, msinkhu. Ndinafunsa kuti bwanji achimwene, mukufuna kuisokera suti? Akuti pandege amayerekeza kulemera kwenikweni ndi kukula kwa katoni, n'kulipiritsa chomwe chachuluka. Amachulukitsa masentimita a mbali zitatuzo n'kugawa ndi 5,000 kapena 6,000, kutengera kampani. Zimenezo ndi zoona, ndafufuza, si bodza lawo. Koma bwanji osandiuza tsiku lomwe ndinkafunsa mtengo? Wogulitsa anaiika m'katoni ziwiri zothinidwa ndi masiponji, makilogalamu 12 aja n'kusanduka 19. Pamwamba pake msonkho, umenewo ndinkauyembekezera. Kenako mzere wina pansi pa pepala: sitoreji ya masiku 5. Katoni inafika Lachisanu la sabata yapitayo, iwo anandiuza Lachiwiri, koma masiku amayamba kuwerenga tsiku lomwe yatsika. Ndinakweza mawu mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Anandichotsera masiku awiri ngati akundichitira chifundo. Ndalama sinakwanebe, ndinabwerera ku Dedza chimanjamanja, ndikuuona phiri madzulo ndili ndi njala ndi mkwiyo basi.

Funsani ejenti mafunso awiri asanalandire khobidi lanu: mumayeza pasikelo kapena ndi tepi, nanga sitoreji imayamba liti? Ayankhe polemba, musunge uthengawo.

Ndaiwala za magetsi, zomwe zimayenera kubwera musanalipire n'komwe. Kuno timagwiritsa ntchito 230V, 50Hz, pulagi ya mano atatu ya ku Britain. Ampulifaya zambiri zotchipa zimapangidwa za 110V kapena 220V. Ya 110V mukailowetsa pakhoma lathu mwaiotcha. Ya 220V imayaka, koma mafilamenti, timawaya totenthetsa mavalavu, omwe amafuna 6.3V, amalandira yopitirira, n'kumatha msanga. Ndinavutana ndi wogulitsa masiku atatu mpaka anavomera kutumiza ya 230V, ndipo ndinamuuza ajambule kumbuyo kwake asanatseke katoni. Gulaninso fridge guard. Magetsi akazima n'kubwera mwadzidzidzi, iyo imadikira kaye isanawalowetse.

Loweruka ndinabwerera, nditabwereka ndalama kwa mlamu wanga. Katoni ndinaiika pamiyendo ulendo wonse, kondakitala akulimbikira kuti ipite kumbuyo pamodzi ndi matumba a sopo. Ndinalipira mpando wachiwiri. Miyendo inachita dzanzi tisanafike pa Chimbiya, koma kulemerako kunkandisangalatsa.

Madala aja anabwera okha kunyumba ndi mita yawo. Anayeza soketi, anasintha pulagi, anazika mavalavu m'malo mwake mosamala ngati akuika mazira pa thireyi, kenako anandigwira dzanja ndisanadine switchi. "Masipika kaye. Ichi osachiyatsa chopanda sipika, thiransifoma imapsa." Anabwereza katatu. Anatinso ndisadzayerekeze kutsegula pansi pake, chifukwa m'katimo muli mavoti opitirira 300, ndipo makapasita amawasunga ngakhale mutazula pulagi. Waya wa sipika upite pomwe alemba 8 ngati masipika anu ndi a 8 ohm, osati pa 4.

Mayi a kunyumba aona kale kuti mayunitsi akuthamanga. Zoona, ampulifaya ya class A ngati yangayi imadya magetsi chimodzimodzi kaya mukumvera mokweza kaya motsitsa, ndipo galasi la EL34 limawotcha, kamdzukulu kathu takaletseratu kufika pashelefu. Kwa Dedza mu Julaye kutenthako sitikudandaula.

Chomwe ndikunong'oneza bondo n'choti sindinaitanitse mavalavu apadera m'katoni yomweyo. Ma EL34 akupangidwabe, ku Slovakia kuli JJ Electronic, enanso ku Russia ndi ku China, ndipo ampulifaya yanga ndi ya cathode bias, ndiye kusintha n'kungozula n'kuzika ina popanda kutchuna kanthu. Koma pa Dedza palibe golosale yogulitsa valavu. Imodzi ikadzangofa, ndibwereranso pabenchi ija kukadikira amakiyi, pokhapokha nditapeza wina wochokera ku Joni woti andinyamulire m'chikwama.